Dzina la a Eliya m'Seva ya Sukulu

Zinayamba m'chaka cha 2003, nyengo yachisanu, anthu atamaliza kututa chimanga ndipo mwera ukulowa mpaka m'mafupa. Lachiwiri pa 17 Juni, galimoto ina inapatuka mumsewu waukulu pa Nsipe n'kukwera kamsewu kafumbi kopita ku sukulu ya sekondale imene makolo a kumeneko anamanga okha ndi njerwa zawo. Inatsitsa makompyuta asanu ndi awiri, mphatso yochokera ku sukulu ina ya kunja, pulinta imodzi yolemera moti anainyamula amuna awiri, komanso mwamuna wamfupi wa ku Limbe dzina lake Obed, amene anabwera kudzalumikiza zonsezo.

A Salome, amene aliyense ankawatchula ndi chiwongo chawo kuti a Nangozo, anaonerera katunduyo ali pazenera la kaofesi kawo, zala zili pa taipilaita. Anabadwira ku Mlangeni mu 1953, kutaipa anakaphunzira ku Blantyre ali mtsikana, ndipo amuna awo atamwalira anabwerera kwawo n'kuyamba ntchito pasukuluyi Lolemba pa 3 Febuluwale 1992. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, mayeso onse, makalata onse opita kwa makolo, ngakhale ndandanda wa ana osesa, zinkadutsa m'manja mwawo. Ankataipa pa sitensulo, kenako n'kupukusa makina mpaka mkono kuwawa, inki ili bii m'zikhadabo.

Tsono makompyuta aja anabwera ndi funso. Komiti ya makolo inafunsa mphunzitsi wamkulu wa nthawiyo, a Gracian Kuyere, kuti popeza aphunzitsi azitaipa okha, wotaipa atsala ndi chiyani. A Kuyere anapempha kuti awapatse chaka chimodzi aone. Nkhaniyo inawafika a Nangozo dzuwa lisanalowe, monga zimakhalira pasukulu. Anali ndi zaka makumi asanu. Sankafuna zambiri: ankangofuna kudzachoka pasukulupo tsiku lawo litakwana, atatsanzika bwinobwino, osati kupatsidwa kalata ngati munthu amene wasanduka katundu wotha ntchito.

Obed anakhala masiku anayi. Aphunzitsi anamuunjirira pofuna kudziwa kutaipa ndi kujambula, koma a Nangozo anamutsatira kumene ena sankapitako, atanyamula kope lachikuto chobiriwira. Kompyuta yaikulu anaiika m'chipinda chosungira mabuku, ndipo anati imeneyo ndiyo seva ya mafayilo, nkhokwe ya zolemba zonse. Mphunzitsi aliyense anali ndi dzina lake mmenemo ndi mawu ake achinsinsi olowera. Kompyuta yakale kuposa zonse, yokalikakalika m'mbali, anaiika mu ofesi ya a Nangozo pambali pa pulinta, n'kunena kuti imeneyo ikhala seva ya pulinta. Anafotokoza kuti mphunzitsi akatumiza pepala, silipita ku pulinta mwachindunji. Limakaima pamzere m'seva yaikulu ija, ndipo kakompyuta kakaleko ndiko kamakalitenga n'kulipereka ku pulinta. Koma kuti kaloledwe kufika pamzerepo, nakonso kayenera kulowa m'seva yaikulu ndi dzina lake komanso mawu ake achinsinsi, monga munthu.

“Ndiye kuti nakonso kamaodira?” anafunsa a Nangozo.

“Kamaodira ndithu, mayi. Akapanda kukayankha, pepala silituluka ngakhale mutapemphera.”

Pofika polemba dzinalo, Obed anataipa zilembo ziwiri ndi nambala. A Nangozo anamugwira mkono. Anamuuza za bambo awo, a Eliya, amene anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo nthawi yonseyo palibe kapitawo anawaitanapo dzina. Ankawaitana nambala, imene inali yodinda pa chibangili chachitsulo. Atabwerako, mpaka kukalamba kwawo, munthu akawadzidzimutsa ankayankha ndi nambalayo. Choncho a Nangozo sanafune kuti wantchito aliyense wa mu ofesi yawo, ngakhale wachitsulo, azilowa pakhomo ndi nambala yokha.

Obed anaseka n'kufufuta zomwe analemba. Anataipa kuti Eliya Ngozo, ndipo pa mawu achinsinsi anawasunthira kiyibodi kuti alembe okha, iye atayang'ana kudenga. Analemba nambala ya pa chibangili ija.

“Koma mukudziwa mmene zimakhalira kwanu kuno, mayi,” anatero Obed. “Mwana mwamupatsa dzina ndinu. Akadzadwala musadzandiimbire ine.”

Ankanena moseka, koma a Nangozo anazitenga monga mwambo ulili. Wopereka dzina safika chimanjamanja, ndiye Loweruka lomwelo anasoka nsalu ya chitenje yofunditsa kakompyutako kuti kasamalowe fumbi.

Ntchito yake inaoneka msanga, chifukwa magetsi a kumeneko sachedwa kuthima. Akabweranso, kakompyuta kaja kankadzuka mofulumira, pamene seva yaikulu inkatenga mphindi zisanu ndi imodzi ikudzikonza. Kakaodira popanda woyankha, kankangokhala duu, osayesanso. Aphunzitsi ankadinadina mabatani, ena ankamenya pulinta m'mbali, koma a Nangozo anagwira ndondomeko yake. Ankayamba azimitsa kakang'onoko. Kenako ankapita kokadzutsa wamkulu, n'kuima pomwepo mpaka mizere ya pa sikirini itasiya kuthamanga. Akabwerera ankayatsa pulinta, kenako kakompyuta, n'kutaipa dzina ndi nambala. Ikavomera seva, pulinta inkakhosomola kamodzi n'kuyamba kulavula mapepala. Ankati palibe chachilendo pamenepo: mwana salowa m'nyumba eni ake asanadzuke.

M'kope lobiriwira analembamo chilichonse chimene makinawo ankayankha, ndi tanthauzo lake, ndi tsiku limene chinachitika. Pa 9 Okutobala 2004 makoswe anatafuna waya kuseri kwa kabati. Pa 22 Novembala 2005 mphezi inagwa pa mtengo wa bulugamu wa kumpanda ndipo seva inakhala masiku awiri osadzuka. Chaka chimene a Kuyere anapempha chinatha popanda wochikumbukira. Taipilaita inakwera pamwamba pa kabati, ndipo a Nangozo anaphunzira kutaipa pa kompyuta mofulumira kuposa aphunzitsi onse.

Zinali zaka zabwino. M'mawa uliwonse aphunzitsi ankasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati a Eliya adzuka, iwo n'kuyankha kuti akusukusula, adikire. Pepala likakodwa ankati madala atsamwa. Mphunzitsi wa masamu, a Zione, ankakonda kudzamwera tiyi mu ofesimo chifukwa pulinta inkatenthetsa chipinda nthawi ya chisanu, ndipo ankawaseka a Nangozo kuti ndi munthu yekhayo m'boma la Ntcheu amene amalamula bambo ake nthawi yodzuka. Mapepala akamatuluka, a Nangozo ankawerenga mzere woyamba wa lililonse kuti adziwe mwini wake, n'kuliika m'fayilo yake. Pepala lolakwika sankalitaya. Ankalidula panayi kuti kuseri kwake azilembapo timauthenga.

A Kuyere anapuma ntchito kumapeto kwa 2007, ndipo Lolemba pa 7 Januwale 2008 kunabwera a Nicholas Mtambalika. Sanali munthu woipa. Anali wachangu, wokonda zinthu zolongosoka, ndipo anachokera ku sukulu ya m'tauni kumene pulinta ankangoilumikiza ku kompyuta imodzi basi. Pamaso pawo aphunzitsi anasiya nthabwala, kotero dzina la a Eliya silinawafike m'makutu. Iwo ankangoona mapepala akutuluka, ndi mayi wachikulire atakhala pambali pake akuwasanja. Komiti itadzutsanso funso lakale lija, sanaone chifukwa chosungira wotaipa.

Lachitatu pa 12 Malichi, uthenga unafika kuti mwana wamkazi wa a Nangozo, Tisungane, amene anakwatiwa ku Lizulu, wayamba kumva zowawa za kubereka. Anapempha masiku atatu. Anawayendetsa a Zione m'ndondomeko yonse kawiri, n'kuwalembera dzina ndi nambala pa kapepala, kenako anakakwera minibasi. Mdzukulu anabadwa tsiku lotsatira, wamkazi.

Anabwerera Lolemba pa 17 Malichi m'mawa, atanyamula thumba la kachewere ndi mitu iwiri ya kabichi yogawira anzawo. A Zione anawachingamira pakhomo nkhope ili yakugwa. Anafotokoza kuti Lachinayi madzulo magetsi anathima, ndipo kuyambira Lachisanu m'mawa a Eliya akukanizidwa kulowa. Iwo anachita zonse monga anauzidwira, anataipa nambala ija kosawerengeka mpaka anayamba kukayikira maso awo. Mayeso otsekera teremu anali oti ayambe Lachitatu, aphunzitsi onse anali atatumiza mapepala awo, ndipo palibe ngakhale limodzi lomwe linatuluka. Wina anali atanena kale zotsitsa taipilaita.

A Nangozo anaika kachewere pansi, osavula ndi juzi yomwe. Anakaona seva yaikulu ndipo inali maso. Anagwada n'kutsatira waya ndi chala mpaka kukhoma, ndipo anali wathunthu. Ndiye anazimitsa kakompyuta, anakayatsanso, n'kutaipa okha. Makina anayankha m'Chingerezi chawo chachidule kuti akana. Nambala imeneyo anaiphunzira asanayambe sukulu, sakanailakwitsa. Anatsegula kope, ndipo yankho limenelo analipeza pa tsamba lachitatu, pomwe Obed anawauza kuti limabwera ngati nambala yalakwika kapena ngati dzina mulibe.

Anafunsa ngati wina anagwirapo seva sabata yathayo. A Zione anaganiza pang'ono n'kukumbuka kuti Lachinayi masana a Hedi, a Mtambalika, anakhala pa kompyuta yawo ndi ndandanda wa antchito, akuchotsa mayina a aphunzitsi amene anachoka kale. Anachita kulengeza pa tiyi kuti asesamo mayina asanu.

“Anachoka ndi anayi,” anatero a Nangozo.

Sanafune kuti nkhaniyo imveke pa gulu. Anawapempha a Zione kuti asauze munthu, anatenga kope, n'kukagogoda ku ofesi ya a Mtambalika. Atalowa anatseka chitseko, anapinda maondo pang'ono monga mwa ulemu, n'kupereka moni wonse, mpaka nkhani ya mdzukulu. Kenako anafunsa ngati pa mayina amene anachotsedwa panali la Eliya Ngozo.

“Linalipo, mayi. Munthu ameneyo sali pa ndandanda wa antchito. Anaphunzitsa liti pano?”

“Sanaphunzitsepo, bwana. Ndi bambo anga, anamwalira pa 4 Ogasiti 1988. Koma pasukulu pano ndi iwo amene amakatenga mapepala pamzere.”

A Mtambalika anavula magalasi. A Nangozo anafotokoza monga anafotokozera Obed, za nkhokwe, za mzere, ndi za kuodira, ndipo sanatchulepo mawu akuti kulakwa. Anangoti dzinalo likufunika kubwezeretsedwa, ndipo mawu achinsinsi otsegulira ndandanda wa mayina ali ndi a Hedi okha. Mphunzitsi wamkuluyo anatembenukira ku kompyuta yake. A Nangozo anaima kumbuyo kwawo akuwerenga m'kope, iwo akutaipa. Analemba dzina. Pa nambala anasuntha kiyibodi n'kuyang'ana kuzenera popanda kuuzidwa. A Mtambalika anafuna kuimirira, koma a Nangozo anati zatsala ziwiri: dzinalo alipatse chilolezo chotenga mapepala pamzere, ndipo aliuze pulinta imene lizitumizako, apo ayi a Eliya alowa n'kungokhala pampando ngati mlendo.

Zitatha a Nangozo anathokoza n'kubwerera ku ofesi yawo. A Mtambalika anatsala akupukuta magalasi, ndipo m'pamene anakumbukira chinthu china. Komiti inakumana Lachinayi lomwe lija n'kugwirizana kuti ntchito ya wotaipa ithe pakutha pa teremu. Lachisanu m'mawa, munthu aliyense asanatumize kanthu, iwo analemba kalata yodziwitsa a Nangozo zimenezo n'kuitumiza ku pulinta. Itapanda kutuluka anaitumizanso, n'kuitumizanso kachitatu. Ankaganiza kuti inasowera m'mawaya. Tsopano anali atangophunzira kumene kuti pepala silisowa, limadikira pamzere, ndipo loyamba kufika ndilo loyamba kutuluka.

Anayenda mofulumira m'khonde, koma atafika pakhomo pulinta inali itakhosomola kale. A Nangozo anali atagwira mapepala atatu. Anawerenga mzere woyamba monga mwa chizolowezi chawo, anaona dzina lawo, ndipo ulendo uno anapitiriza mpaka pansi. A Zione, amene anasuzumira paphewa pawo, anagwira pakamwa. Kumbuyo kwawo pulinta inali ikulavula mayeso a Fomu 1, pepala pamwamba pa linzake.

A Nangozo anagogoda mapepala atatuwo patebulo kuti alingane, anawaika m'fayilo ya mphunzitsi wamkulu, n'kuipereka ndi manja awiri.

“Izi ndi zanu, bwana. Zangotsala kusaina.”

“Mwawerenga, mayi?”

“Ndawerenga. Pali pamodzi pofunika kukonza musanasaine. Ndinayamba ntchito mu 1992, osati 1993.”

A Mtambalika anaima ndi fayiloyo akuyang'ana mulu wa mayeso ukukwera. Kenako anafunsa ngati pali winanso pasukulupo amene akanadziwa chimene chavuta. A Zione ndi amene anayankha, n'kunena kuti iwo ali ndi digiri ya masamu ndipo akhala masiku atatu akukangana ndi manambala asanu. A Hedi sanaseke. Anatuluka ndi fayilo ija kukhwapa, ndipo a Nangozo anakhala pansi n'kuyamba kusanja mayeso, chifukwa Lachitatu silinasunthe. Mpaka kuweruka anasanja mapepala a makalasi onse anayi, osadziwa ngati ndi omaliza.

Kalatayo sinasainidwe. Komiti itakumananso Loweruka pa 29 Malichi, a Mtambalika anafotokoza okha zimene anachita, osabisa kanthu, n'kunena kuti wotaipa sakufunikadi, koma woyang'anira makina akufunika, ndipo alipo kale. Mkulu wina wa komitiyo, amene nayenso anagwirapo ntchito ku Joni, atamva za nambala ya pa chibangili anakwinya mkono wa malaya n'kutchula yake yonse osapunthwa. Nkhani inathera pomwepo. Lolemba lake a Nangozo anapita kukapempha mapepala atatu aja, poti kuseri kwake kunali koyera. Anawadula panayi, ndipo kwa milungu ingapo timauthenga topita kwa aphunzitsi tinkakhala ndi zidutswa za kalata ija kumbuyo kwake.

Kuyambira pamenepo a Mtambalika nawonso ankasuzumira pakhomo m'mawa. Poyamba ankangofunsa ngati makina ali bwino, koma pofika nyengo yachisanu anayamba kufunsa ngati madala adzuka.

Kakompyuta kakale kanafa Lachiwiri pa 8 Febuluwale 2011. Obed anabweranso, imvi zitayamba m'mutu, ndi kabokosi kakang'ono ngati sopo wochapira kogwira ntchito yomweyo. A Nangozo analowetsamo dzina lomwelo ndi nambala yomweyo. Kabokosiko kankazisunga kokha, ndipo magetsi akabwera kankaodira mobwerezabwereza mpaka seva itayankha. A Nangozo anaona ngati awalanda kanthu, koma sanadandaule nthawi yaitali. Anati mwana wakula, wayamba kudziyendera. Anachepetsa nsalu ya chitenje ija kuti ikwane kabokosiko, ndipo ntchito sinawathere: mayina a aphunzitsi atsopano ankalemba ndi iwo, a ochoka ankachotsa ndi iwo, popeza a Hedi anali atawapatsa mawu otsegulira ndandanda. Funso lakale lija palibe analidzutsanso.

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, analemba okha kalata yopempha kupuma, anaitumiza pamzere, n'kuilandira okha ku pulinta. Sabata yomaliza anakhala ndi a Zione akudutsa m'kope lobiriwira tsamba ndi tsamba. A Mtambalika anafunsa ngati akufuna kuti dzina la bambo awo lichotsedwe. Iwo anati dzinalo litsale, lazolowera ntchito, koma nambala akupita nayo kwawo. Choncho m'mawa wa tsiku lomaliza anawakhazika a Zione pa kiyibodi kuti asankhe mawu ena achinsinsi, ayambe asintha m'seva yaikulu, kenako m'kabokosi, kuti ziwirizo zigwirizane. A Nangozo anayang'ana kudenga. Anazimitsa zonse, anadzutsa wamkulu, anadikira, n'kuyatsa kabokosi. Pulinta inakhosomola kamodzi, ndipo pepala loyamba kutuluka linali ndondomeko ya mwambo wowatsanzika.

Anawerenga mzere woyamba n'kulipereka kwa a Zione kuti aliike m'fayilo. Masana ana anaimba, komiti inawapatsa bulangeti ndi taipilaita yawo yakale, ndipo Tisungane anabwera kuchokera ku Lizulu ndi mdzukulu uja, ali ndi zaka zisanu. A Hedi anawanyamulira okha taipilaita mpaka pa galimoto yopita ku Mlangeni. A Nangozo anatseka zenera la ofesi, anafunditsa kabokosi nsalu yake, anasiya kope patebulo, ndipo anatuluka pa geti nthawi itangopitirira 3 koloko, Lachisanu pa 26 Julayi 2013.